Sopo Wopepuka wa kwa Janeti

Lolemba, 23 Seputembala 2024

Kutentha kwayamba. Phiri silikuoneka bwino, utsi wa moto wa m'tchire. Sabata yachiwiri ya Fomu 3 ndipo sindinafe.

Zaka 41, ana atatu, mdzukulu mmodzi, benchi yachitatu pafupi ndi zenera. Sukulu ya masana, ija imayamba ana a m'mawa akaweruka. Akuluakulu m'kalasi mwathu tilipo anayi okha. Enawo ndi ana obwereza, amanditchula amayi akafuna kubwereka lula. Kope ili ndi lotsala, bambo a Zikomo anagula makope ambiri ngati akutsegula golosale. Ndati limeneli likhale langa, lolembamo zosauza munthu.

Lero kemisitiri. Aphunzitsi athu a Sungani, mwana wa dzulodzuloli, ndevu sizinagwirizanebe. Abwera ndi botolo la pulasitiki muli viniga pang'ono, soda wa therere m'kapepala, ndi kasikelo ka sukulu komwe amakanyamula ngati khanda. Zonse pasikelo, chotsekera chomwe. Magalamu 312.4. Aitana ine kuti ndilembe pabolodi. Choko kuthyoka pawiri. Kenako aponya soda uja m'botolo ndi kapepala komwe, kutseka msangamsanga. Thovu mpaka kukhosi kwa botolo, botolo kuuma gwa. Abwezera pasikelo. 312.4.

Ndaomba m'manja ndekha. Ana aseka. Ndilibe nazo ntchito.

A Sungani akuti zinthu zikasakanizidwa n'kusanduka zina, kulemera kwake sikuchepa, sikuwonjezekanso. Cholowa ndi chotuluka chimodzimodzi. Soda uja kulibenso, viniga kulibenso, koma sikelo ikuti onse alipo. Akuti limeneli ndi lamulo, ndipo silinathyokepo. Zandikoma mpaka m'mafupa. Moyo wanga wonse zinthu zimangosowa, masupuni, zivindikiro, nkhuku, zaka makumi awiri za sukulu. Lero munthu waima kutsogolo n'kunena kuti palibe chimasowa.

Ndatuluka belu lisanalire. Babu la m'kalasi linangoyaka mwadzidzidzi, magetsi abwera, ndipo chimanga changa chili pamzere kuchigayo kuyambira Loweruka. Ndapempha, ndathamanga. Ufa ndapeza.

Lachitatu, 25 Seputembala

Bambo a Zikomo atopa nane. Za botolo ndawafotokozera katatu, kachitatuko ali m'bafa. Akuti kufakitale ya tiyi amasiya phokoso la makina, kunyumba akupezanso lina. Koma ndinawamva akuuza aneba pampanda kuti, "Mayi a kwathu tsopano ndi asayansi." Amaganiza kuti ndili kumjigo.

Potsuka mbale maganizo anapita ku sopo. Kodi sopo wathu si kemisitiri yemweyo? Mafuta, kositiki, madzi. Kutakasa. Ndowa kutentha yokha popanda moto. Mkuja wake sopo. Zaka ziwiri tikupanga, gulu lathu la amayi asanu ndi awiri, osadziwa kuti ndife anthu akuluakulu chonchi.

Muyeso uli pamtima. Mafuta makilo 7, aja a m'chigubu ochokera ku Muloza. Kositiki kilo imodzi. Madzi makilo awiri ndi theka. Pamodzi 10.5. Zimatuluka mitanda khumi. Ndiye kuti mitanda khumiyo iyenera kulemera 10.5, osati mwina, lamulo. Palibe anayesapo. Timangowerenga mitanda, kudula zidutswa, ulendo kumsika.

Sopo wa pa 24 Ogasiti ali kwa Janeti, akukhwima. Amagona kumeneko nthawi zonse. Chipinda cha mwana wake amene anakwatiwa ku Limbe chili ndi mazenera awiri, mphepo imadutsa bwino. Janeti mnzanga wa Sitandade 1, benchi imodzi, chimanga chokazinga thumba limodzi. Iye analekera Sitandade 4 bambo ake atamwalira. Pa kutakasa sopo palibe womuposa. Atamva kuti ndabwerera kusukulu sanaseke ngati ena, anandisokera chikwama cha makope ndi chitenje chake chakale.

Loweruka tikukadula. Ndapempha kale sikelo ya a Ishmael a kubutchala, ija ya manambala. Ndikufuna amayi aone ndi maso awo 10.5 ikutuluka. Janeti akaomba m'manja, ndikumudziwa.

Loweruka, 28 Seputembala

Pakamwa panga.

M'mawa zonse bwino. Mphasa pakhonde pa Janeti, mbatata yootcha, tiyi. Ine ndi sikelo m'manja ngati ndikukapereka mphatso paukwati. Ndafotokoza za botolo, za thovu, za 312.4. Amayi Hawa, apampando athu, anati zimenezo nzabwino, tiyeni tione. Mitanda pasikelo, iwiriiwiri, ine ndikuwonkhetsa. 9.3. Ndabwereza. 9.3. Ndayesa sikelo ndi paketi ya shuga ya kilo imodzi, sikelo ilibe vuto.

Pamenepo ndiye ndikanatseka pakamwa. Koma ayi, wasayansi. Ndanena mokweza, ndikusekanso: "Sayansi sinama. Kulemera sikusowa kokha. Ngati kilo ndi magalamu 200 palibe, alipo wachotsa."

Sindinkaganiza za munthu aliyense, Mulungu akudziwa. Ndinkangofuna lamulo langa lipambane. Koma sopo wagona masabata asanu m'nyumba imodzi. Aliyense maso pansi, kupatula Joice, mmodzi wa gulu lathu. Joice watenga mtanda, kuutembenuza uku ndi uku, akuti mitanda ilipodi khumi koma yaonda, ngati yasengedwa ndi mpeni. Waubwezera m'chikombole chomwe unaumiramo. Zoona, sukudzadzanso, m'mbali mwatsala kampata.

Janeti walowa m'nyumba, watuluka ndi katoni, walongedza mitanda yonse bwinobwino, wayika pamiyendo pa amayi Hawa. Chikombole pamwamba, mthiko wotakasira pamwamba. Mawu ake anali awa okha: "Kasungeni kwa ophunzira."

Mbatata yatsala m'mbale.

Lamulungu, 29 Seputembala

Kutchalitchi. Kukwaya malo a Janeti opanda munthu. Mawu apakati ndinatsala ndekha, ndipo ndinasochera pa vesi yachiwiri.

Madzulo kumjigo amayi awiri akhala chete nditangofika. Nkhani yafika kale ku Chinakanaka. Kumeneko ndi kumjigo komwe akuti makilo anayi.

Sindinadye.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Ndapeza! Manyazi ndi chimwemwe m'mbale imodzi.

Dzulo bambo a Zikomo anandifunsa chimene chandidwalitsa. Nditawauza anati kufakitale kumalowa masamba makilo 100, kumatuluka tiyi makilo 22 kapena 23, ndipo palibe anamangidwapo. Ndinawakalipira kuti tiyi si kemisitiri. Anangoti chabwino, n'kutsegula wailesi.

Lero a Sungani abwereza phunziro la botolo, akuti chifukwa ena tinathawa lisanathe. Anayang'ana ine. Viniga, soda, kutseka, thovu. 308.9 poyamba, 308.9 pomaliza. Kenako chimene ndinaphonya. Atsegula chotsekera. Psiii. Kugwedeza pang'ono, kudikira, chotsekera pasikelo pomwepo pambali pa botolo. 307.2.

Ndinangozindikira ndaimirira. Ndati aphunzitsi, lamulo lathyoka. Akuti silinathyoke, amayi, khalani pansi. Mpweya watulukawo nawonso uli ndi kulemera kwake, wangopita kumene sikelo singaupeze. Lamulo limagwira ukawerengera zonse, zooneka ndi zosaoneka zomwe, ndiye chifukwa chake timatseka botolo. Zonsezi anazinena Lolemba lija, ine ndili kuchigayo ndi ufa m'nsidze.

Titaweruka ndawadikira panja, ndaulula zonse. Ayesetsa kuti asaseke, alephera, apepesa. Akuti mafuta ndi kositiki ndizo zimasanduka sopo, ndipo kulemera kwake kumakhalabe mumtanda. Koma madzi aja ntchito yake ndi kusungunula kositiki basi. Sopo akamakhwima, madzi amatuluka pang'onopang'ono kupita mumphepo. Chipinda cha mazenera awiri, mwezi wa Seputembala. Kilo ndi magalamu 200 mwa makilo awiri ndi theka a madzi, akuti palibe chodabwitsa.

Wakuba ndi mphepo. Janeti alibe mlandu, ndipo lamulo langa lili moyo. Zonse ziwiri tsiku limodzi. Ndabwera ndikuseka ndekha mumsewu, wakabaza wina anaima kundifunsa ngati ndili bwinobwino.

Bambo a Zikomo ndawakazingira mazira awiri. Sanafunse chifukwa.

Lachitatu, 2 Okutobala

M'mawa kwa Janeti. Ndamupeza akupuntha nandolo pabwalo. Ndafotokoza zonse wefuwefu, botolo, psiii, mphepo, mazenera. Ndodo sinaime ngakhale kamodzi. Nditamaliza anati, "Munanena pagulu. Kuno mwadzatani?"

Zandilasa, koma akunena zoona.

Kwa amayi Hawa. Andimvetsera bwino, andipatsa mpando. Akuti iwo akukhulupirira, koma ndikangouza gulu kuti wakuba ndi mphepo, Joice aseka mpaka chitenje kumasuka, ndipo kumjigo adzati ndikubisa mnzanga ndi zakusukulu. Anthu anaona manambala ndi maso, akufunika aonenso ndi maso.

Ndanyamuka mutu uli pansi. Ndafika pa mlatho waung'ono wa panjira ya kwathu, ndaima. Botolo lotseka, botolo lotsegula. Sopo wotseka, sopo wotsegula! Ndabwerera chothamanga, patapata wina kuduka. Amayi Hawa aseka, avomera. Akuti kabati yawo ya waya, ija amasungiramo ndiwo kuopa ntchentche, itithandiza. Mphepo imalowa, dzanja silingalowe.

Loweruka, 5 Okutobala

Sopo watsopano, popanda Janeti. Ambuye tichitireni chifundo.

Tonse asanu ndi mmodzi tasinthana mthiko. Joice akuti wakwana, amayi Hawa akuti sanakwane, wina akuti wapitirira. Janeti amangokweza mthiko, kuyang'ana mmene dontho likugwera, n'kunena kuti thirani. Ife ola ndi theka, thukuta m'magolovesi, mapewa kuwawa. Palibe anatchula dzina lake. Aliyense ankaliganiza.

Chilichonse chayesedwa chisanalowe m'ndowa. 7, 1, 2.5. Titamaliza kutakasa ndayika ndowa yonse pasikelo, kuchotsera kulemera kwa ndowayo. 10.45. Mafuta sakuonekanso, kositiki sakuonekanso, koma kulemera konse kulipo. Magalamu 50 osowawo ena ali pamthiko, ena anakwera ndi nthunzi ija imatuluka kositiki akakumana ndi madzi. Nthawi ino ndanena motsitsa mawu. Joice anawerenga yekha manambala, anati hmm.

Mtima wanga umavina mkati, nkhope ndaisunga ngati ya pamaliro.

Lolemba, 7 Okutobala

Tadula. Mitanda khumi, yokhotakhota, dzanja ndi langa.

Tasankha iwiri. Woyamba m'majumbo awiri oonekera mkati, kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga, mfundo zitatu. Pasikelo, majumbo ndi mphira zomwe: magalamu 1,055. Wachiwiri wamaliseche: 1,040. Joice walemba manambala pachikatoni ndi dzanja lake. Kenako wachita chinthu chomwe ine sindikanaganiza. Sopo akadali wofewa, wadinda chala chake chachikulu kumapeto konse kuwiri kwa wamalisecheyo, ndi m'mbali monse munayi, kuti wina akasenga tidziwe. Mayi ameneyu pakamwa ndi lumo koma mutu ulipo. Ndamuuza. Anadabwa.

Kabati pakhonde pa amayi Hawa, maloko awiri. Kiyi wina ali ndi eni nyumba, wina Joice wamumangirira pangodya ya chitenje. Ine ndilibe, ndinakana ndekha. Tidzatsegula pa 19.

A Ishmael akuti sikelo yawo yayamba kununkhira sopo, ogula akufunsa ngati nyama ya mbuzi masiku ano akumaichapa.

Mantha pang'ono. A Sungani ndi mwana. Nanga wamalisecheyo akapanda kupepuka? Ndiye kuti Janeti ndamupachika kawiri.

Lachinayi, 10 Okutobala

Thukuta!

Amayi Hawa anaimba foni ndili panjira ya kusukulu, akuti dzerani kuno muone. M'jumbo muja timadontho ting'onoting'ono mbali yonse ya kumwamba, tina tayamba kutsetsereka. Madzi aja akufuna kuthawa, apeza chitseko chotseka. Wamaliseche wouma bwinobwino, zala za Joice zili pompo. Ndavina pakhonde pa eni, chikwama kumsana. Kukalasi ndachedwa mphindi khumi, ndipo sindinapepese mokwanira chifukwa mano anali panja.

Anthu ayamba kubwera kudzaona. Bambo wina wogulitsa zinanazi akuti sopoyo akulira chifukwa wamangidwa wosalakwa. Mayi wina wa kuseri kwa tchalitchi akuti m'kabatimo muli mankhwala ogwirira wakuba, ndipo pa 19 wina atupa mimba. Amayi Hawa amangowauza kuti ndi sukulu, n'kuwapatsa madzi akumwa. Ndiwo zawo akusunga m'poto pansi pa bedi, amuna awo sakukondwa.

Janeti sanabwere. Ndadutsa pakhomo pake kawiri ngati ndili ndi kopita. Zovala pachingwe, chitseko chotseka.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala, sukulu kulibe. Zikomo watumiza chitenje kuchokera ku Blantyre, chobiriwira, cha mbalame. Mdzukulu wandiimbira nyimbo pafoni, theka lake kutsokomola.

Dzulo talandira mayeso a kemisitiri. 16 mwa 20. Ine! Funso lachitatu linali lakuti n'chifukwa chiyani mtolo wa nkhuni wolemera umasiya phulusa lodzadza m'manja basi. Ndinalemba tsamba lonse, utsi, mpweya, nthunzi, zonse zopita kumwamba zomwe sikelo singazigwire. A Sungani alemba m'mbali kuti mizere itatu inali yokwanira. Pepala lili pakhoma, pamwamba pa kalendala. Bambo a Zikomo ndi amene akhoma.

Koma chachikulu ndi ichi. Amayi Hawa anditsina khutu kuti Janeti anabwera Lamulungu masana, dzuwa lili pamutu, mumsewu mulibe munthu. Anaima pakabati nthawi yaitali. Anagogoda waya ndi chala. Kenako anafunsa kuti watakasa sopo ameneyu ndani, ali ndi mabowo ngati buledi. Basi, anapita.

Ndasangalala tsiku lonse ndi mabowo amenewo. Munthu amene watisiya sangadandaule za mabowo.

Lachisanu, 18 Okutobala

Mawa. Ndapita kukasuzumira. Wamaliseche akuoneka chimodzimodzi, kapena maso anga akunama. Ndiwo ndathira mchere kawiri.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndilembe zonse ndisanaiwale, ngakhale sindidzaiwala.

Anthu oposa makumi atatu pabwalo pa amayi Hawa. Ena anabwerera sopo, ena anabwerera mimba yotupa. A Ishmael anabweretsa okha sikelo, akuti sangaphonye. Bambo a Zikomo anasinthana shifiti ndi mnzawo, anaima kumbuyo ngati akungodutsa. Janeti anafika pomaliza, anaima patali, pansi pa mtengo wa peyala, manja atapinda.

Maloko awiri, makiyi awiri. Joice watulutsa wamaliseche, wayang'ana zidindo zake chimodzichimodzi, kulowetsamo chala. Zonse zisanu ndi chimodzi zilipo. Wanena yekha mokweza kuti palibe wakhudza.

Woyamba pasikelo wa m'majumbo. Pachikatoni panalembedwa 1,055. A Ishmael awerenga ngati ali pamsika: 1,055. Wachiwiri. Pachikatoni 1,040. Ine maso ndatseka. 965.

Magalamu 75 pa mtanda umodzi, masiku khumi ndi awiri okha, m'kabati ya maloko awiri. Wina kumbuyo anawonkhetsa mofuula kuti mitanda khumi ndi 750, nanga masabata asanu. Amayi Hawa amasula mphira, apendeketsa jumbo, madzi adontha m'dzanja mwawo. Akweza dzanja kuti aliyense aone. Nthungululu.

Ine sindinadikire. Ndayenda mpaka pa peyala paja, ndagwada pafumbi. Mawu onse ndinakonza sabata yathunthu anathawa. Ndangoti, "Ndinamva theka la phunziro, ndinathamanga nalo, ndinakuipitsira dzina. Unalibe mlandu. Ndikhululukire pamaso pa onsewa." Janeti wandiyang'ana nthawi yaitali, yaitali zedi, mawondo mpaka kuwawa. Kenako anati ndidzuke, ndikudetsa chitenje cha mwana. Ndipo anaseka. Kuseka kwake kuja kwa mutu chagada, komwe kunkatikwapulitsa tonse awiri ku Sitandade 2. Ndalira ngati khanda, sindikubisa.

Joice wapepesa mwa njira yake. Akuti maso ake akalamba ndipo lilime lake silimudikira. Koma ndiye amene wasenza katoni ya sopo kubwerera nayo kwa Janeti, ndipo sanadzere njira yachidule. Wadzera kumjigo dala, ife pambuyo tikuimba, wina akuomba ndowa ya sopo ngati ng'oma. Aja a makilo anayi anali pomwepo ndi zigubu zawo. Joice anawapatsa moni mmodzimmodzi, ndi mayina.

Mayi wa mimba yotupa uja wapita wokhumudwa.

Mapazi akuwawa, mawu asasa. Sindikumbuka tsiku lina lokoma chonchi chibadwire Zikomo.

Lolemba, 21 Okutobala

M'mawa kwa Janeti, awiriwiri, kudula sopo wa Ogasiti uja kuti apite kumsika wa ku Nkando. Tiyi, chinangwa chophika. Iye akudula, ine ndikukulunga, chifukwa akuti mpeni m'manja mwanga ayi, wawona mitanda yanga.

Pakamwa panga pabwerera m'malo mwake. Ndayamba kumufotokozera mwadongosolo mmene madzi amatulukira mu sopo, kuyambira pa botolo la a Sungani. Wandilekerera mpaka kumapeto, akungodula. Nditamaliza waloza ndi mpeni kumwamba. Pamwamba pa khoma, pansi pa malata penipeni, zidutswa zitatu za sopo, zouma gwa, zachita fumbi.

"Amayi anga ankatero, agogo ankatero kwawo ku Milanje, kutsidya kwa malire. Sopo watsopano umamuyanika. Amapepuka, amalimba, amachedwa kutha. Ndinkadziwa tsiku lomwe lija."

Ndati nanga osanena bwanji, masabata atatu athunthu, anthu akukunena mpaka ku Chinakanaka. Wayika mpeni pansi.

"Iwe unati sayansi. Ine wa Sitandade 4 ndikanati chiyani? Usiku woyamba uja ndinayamba kuganiza kuti mwina amayi ankalakwitsa."

Ndakhala ndikulowa m'nyumba imeneyi zaka zonsezi osakweza maso. Za dzina lake ndinapepesa Loweruka. Izi zina sindikudziwa kuti munthu amapepesa bwanji.

Iye wangotola mpeni, akupitiriza kudula. Patapita nthawi ndafunsa, motsitsa, kuti amayi ake ankachitanso chiyani china. Akuti zambiri, ungazikwanitse iwe? Za thobwa losasa msanga, za mpeni wosachita dzimbiri, za nthochi zopsetsa m'dzenje. Akuti a Sungani akowo ukawafunse chimodzichimodzi, tione ngati akuzidziwa. Maso ake akuwala, akufuna mpikisano.

Ndatulutsa kope lino m'chikwama. Ndikulemba pakhonde pake pano, iye akunena, ine chete. Akuti ndilembe bwino, ndisathamange. Tiyambe ndi chidulo. Phulusa la zitsononkho kapena la makoko a nthochi, osati la nkhuni za bulugama, chifukwa...